Wosoka Timaduku ta Mabuku

9 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi Chitsiriza? Mawondo aja akukulolani kuyenda? Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona tulo.

Amayi, khalani kaye pansi. Iwe Chitsiriza, popeza ndiwe ukuwawerengera kalatayi, uwerenge yonse, usadumphe mzere monga umachitira ukafika pokhudza iweyo.

Kunyumba kwa adona kuja ndinachokako. Sanandichotse ayi, ndinachoka ndekha, masanasana, kutulukira pageti lalikulu, jumbo ya zovala ili m'manja. Zimene zinkachitika m'nyumba imeneyo musandifunse pakali pano. Mungodziwa kuti munabereka munthu, osati galu. Pasipoti yanga ndi foni zinatsala m'kabati mwa adonawo, paja ankati akundisungira. Asunge. Tsiku lake lidzakwana.

Kalatayi ndaitumiza kudzera kwa amayi a pagolosale, ndipo yankho lanu lidzere komweko. Amalume asaione, adiresi yanga asaidziwe. Ndi iwo anandipezera malo aja, n'kumatiuza kuti ndi anthu opemphera.

Ntchito ndapeza. Bwana wa nyumba ija ali ndi mabuku odzaza chipinda, ndipo buku likathothoka ankandituma ndi dalaivala kukalisiya kwa anthu okonza mabuku. Malo awo ndi chipinda chimodzi chachitali, kuseri kwa shopu ya matayala. Mwini wake timawatcha a Guluu, chifukwa ngakhale asambe chotani fungo lawo ndi lomwelo. Ndi munthu wabwino koma wamantha. Tayala likaphulika panja, iwo amayamba kufunafuna pobisala. Palinso mayi wina amene aliyense amawatcha Mayi Sizasi. Sizasi amaivala m'khosi pakachingwe, ndipo lilime lawo limadula kuposa sizasiyo. Tsiku lina ndikutula katoni ya mabuku anandigwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kuliyang'anitsitsa. Anangoti, "Ukadzatopa, khomo ndi lomweli." Ndinatopa, Amayi. Panopa ndikugona kwawo, pamatiresi kuseri kwa sofa.

Ntchito yanga ndi kusesa, kupinda mapepala ndi kutakasa guluu. Koma maso anga ali patebulo la Mayi Sizasi. Tengani Baibulo lalikulu lija la malemu bambo, muliimike, muyang'ane pamwamba penipeni pa msana wake. Muona kansalu kamizeremizere katakhala m'mphepete. Kameneko n'kogula, anangokamata. Kuno kameneko amachita kusoka pamanja ndi ulusi wa silika, kumutu ndi kumapazi kwa buku, kuti likongole komanso lisang'ambike munthu akamalikoka pashelefu ndi chala. Dzina lake m'chinenero chawo limandilumitsa lilime, ndiye ine ndimangokatcha kaduku. Ndikufuna kuphunzira kameneko, ndipo ndiphunzira.

Ndatumiza kangachepe. Muyambe ndi mankhwala anu a mtima, kotsalako mukonzetse chitseko cha kubafa. Musagule nsalu ya kutchalitchi, yakale ija idakali bwino.

Ndine mwana wanu,
Chisamba

21 Epulo

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu inandipeza ndili bwino. Ndakondwa kumva kuti chitseko chikutsekeka, ndipo nkhuku za aneba zasiya kukuonererani mukusamba.

Mwati amalume anabwera n'kukalipa mpaka anthu kudzazana pampanda, ati ndawachititsa manyazi kwa mabwana awo. Akabweranso muwapatse mpando, muwapatse madzi akumwa, koma adiresi ayi. Manyaziwo ndi awo, anyamule okha. Inu musagwade pamaso pawo chifukwa cha ine. Ndi mlongo wanu, si Mulungu wanu.

Tsopano za kaduku. Silika ndi ulusi wamatama, Amayi. Ukangokhudza chala chokhakhala umatuluka tiubweya, basi wawonongeka. Manja anga anali ong'alukang'aluka ndi mankhwala ochapira a kunyumba kuja, ndiye Mayi Sizasi anandiletsa ngakhale kuununkhiza. Madzulo alionse ankandikhazika pansi kuti nditikite manja ndi shuga wosakaniza ndi mafuta ophikira, kenako mafuta odzola. Ine wokwecha mapoto uja, lero ndikusamala zala ngati mkwatibwi.

Mabala atapola anandipatsa buku lakale la manambala a foni kuti ndiphunzirirepo. Kasokedwe kake ndi aka. Buku lisanavale chikuto umalipana chiimirire pakati pa matabwa awiri, mutu wake uli m'mwamba. Umatenga ulusi wamitundu iwiri, n'kuupaka phula pang'ono, n'kuulumikiza ndi mfundo. Pamwamba pa msana umagoneka kachingwe kolimba. Singano imalowa pakati penipeni pa mapepala opindidwa n'kukatulukira kumsana, ulusi n'kuzungulira kachingwe kaja kawiri. Kenako ulusi winawo umadutsa pamwamba pa unzake, n'kulowa pansi pa kachingwe, ndipo pamene adutsanapo pamatsala kamfundo kakang'ono ngati mkanda. Ndiye winawo nawonso uzungulire kawiri, asinthanenso, choncho mpaka kumapeto. Pakapita kamtunda umabayanso m'mapepala kuti kaduku kagwire buku. Chinsinsi chake ndi kakokedwe. Ukakoka kwambiri kachingwe kamapindika, ukalekerera mikanda imagwa mphwayi.

Kanga koyamba kanatuluka ngati mzere wa ana asukulu aphunzitsi atatuluka panja. Mayi Sizasi anakayang'ana n'kufunsa kuti, "Ichi n'chiyani? Mbozi yodwala?" Khwapu, anakadula. Kachiwiri anadula. Kachitatu sanayang'ane n'komwe, anangodula. Tsiku lina magazi anandikwera, ndinati, "Dulani, mayi. Ulusi ndi wa a Guluu, ukhoza kutha. Manjawa ndi anga, sakutha lero." Ndinkayesa andithamangitsa. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundisunthira mpando pafupi ndi windo pamene pamawala bwino.

Zinthu kuno zakwera. Tomato amamugulitsa ngati ali ndi golide m'kati. Nsapato za Chitsiriza zidikire mwezi wamawa, koma za mayeso ndatumiza, mukapereke nokha kusukulu, musatume munthu.

Kunja sindiyendayenda. Ndikaona galimoto ya apolisi ndimalowa m'shopu iliyonse imene ili pafupi. Dzana ndinapezeka ndikufunsa mitengo ya mabokosi a maliro. Musadandaule, sindinagule.

Mwana wanu,
Chisamba

15 Juni

Amayi anga,

Moni kwa inu. Kuno kwazizira, koma Mayi Sizasi anandipatsa juzi ya malemu amuna awo, imandifika m'mawondo. Chifuwa chija mwati chinakugwirani, chatha?

Sizasi yasiya kudya ntchito yanga. Tsopano ndikusoka timaduku ta mabuku a makasitomala enieni. Sabata yatha ndinasoka kabuluu ndi koyera pa buku la zithunzi za ukwati, ndipo mwini wake anakasisita ndi chala ngati akusisita tsaya la khanda. Ndinanamizira kufuna chinthu pansi pa tebulo kuti asaone mano anga.

Koma mverani izi. Lachiwiri lapitalo a Guluu anathamangira kwa ine, maso ali psuu. "Dalaivala wa kunyumba kuja ali panja ndi mabuku! Lowa mosungira mapepala, msanga!" Ndinalowa, iwo n'kutseka. Ndinakhala mumdima pakati pa mitolo ya mapepala, ndikupuma mobisa ngati khoswe. Amayi, mdima umenewo unandikumbutsa kachipinda kena. Atatsegula ndinawauza pamaso pa aliyense kuti, "Lero ndabisala, koma n'komaliza."

Iwo amvekere, "Mwana wanga, bwana ameneyu ndiye amatisunga. Akadziwa kuti uli pano, tonse tidzadya mapepala."

Ndinati, "Ndiye ndichotseni. Kuchotsedwa ndikudziwa kuti kumatha. Koma ndabanji kuti ndizitsekeredwa?"

Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana Mayi Sizasi. Mayiwo anangoti, "Mukamuchotsa, ulusi wakuda uja muzilowetsa nokha m'singano." Paja a Guluu maso awo ayamba kuchita nkhungu, ngakhale savomera. Nkhani inathera pomwepo.

Ndiye mabuku a bwana uja ali patebulo langa, akuluakulu, onunkha kabati ya m'nyumba imene ija. Akufuna timaduku tofiira ndi tachikasu. Sindikubisirani, maganizo oti ndiwasokere zokhotakhota anandifikira. Koma buku silinandilakwire. Ndikuwasoka bwino kuposa ena onse, ndipo ndikamabaya singano m'mapepala mtima umakhala m'malo.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Mwati amalume akunena kuti mkwiyo wa adona ungazizire Chitsiriza atabwera kudzalowa m'malo mwanga. Amayi, ndikukana. Ndikukana ndi pakamwa, ndi manja, ndi miyendo yomwe. Amalume amadyerapo pa mtsikana aliyense amene amutumiza kuno, n'chifukwa chake chifundo chawo sichigona.

Iwe Chitsiriza, apa werenga mokweza. Ndikudziwa ukulota ndege, zikwama ndi tsitsi logula. Ndege ndi ya tsiku limodzi, mng'ono wanga. Ikakutula umatsala ndi sinki, ndi khomo lokiyidwa kunja. Lemba mayeso ako. Ukadzafuna kubwera kuno udzabwera kwa ine, pasipoti ili m'thumba mwako.

Nsapato zako ndatumiza kwa amayi a pagolosale. Zikakula uikemo nyuzi kutsogolo.

Chisamba

28 Julayi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino.

Adona anabwera. Sanatume dalaivala, anabwera okha, ndipo sanafunse njira. Kuti adiresi yanga inatuluka bwanji kumeneko n'kufika kwa amalume, sindikufunsa. Amene akudziwa akudziwa.

Unali m'mawa, ndili pakati pa kaduku ka limodzi la mabuku a amuna awo. Ndinamva nsapato zazitali zikugogoda simenti, kenako pafyumu uja amene ndinkamumva ndikamachapa madiresi awo. Anaima kutsogolo kwanga n'kundiitana ndi dzina lija amaitanira wantchito aliyense wolowa m'nyumba mwawo, poti athu enieni amati ndi ovuta.

"Iwe! Imirira ndikamalankhula."

Amayi, ulusi ukakhala pakati suusiya. Ukangochotsa chala umakhwefuka, ntchito ya m'mawa wonse n'kupita. Ndiye ndinati, "Dikirani ndimange kaye apa." Ndinazunguliza wofiira kawiri, n'kudutsitsa wachikasu, n'kubaya, n'kukoka. Zala zinkadziwa njira yake.

Iwo anati, "Tenga tinsanza tako, galimoto ili panja."

Ndinati, "Mwabweretsa pasipoti yanga?"

"Pasipoti! Ndinakudyetsa, ndinakuveka, lero ukundifunsa mafunso?"

"Munandidyetsa zotsala za ana anu. Munanditsekeranso m'kachipinda ka mitsache tsiku lonse chifukwa cha kapu imodzi yosweka, n'kundiwotcha ndi simbi pamkono kuti ndisadzaiwale. Sindinaiwale."

Pepani Amayi, mwazimvera m'kalata. Chipsera chake n'chaching'ono, chimabisika ndi malaya.

A Guluu nthawi yonseyi anali kuseri kwa makina odulira mapepala, kukuoneka chipewa chokha. Mayi Sizasi anabwera n'kuima pambali panga, n'kuyamba kuwenga zikhadabo ndi sizasi yawo mwakachetechete, ngati ali pakhonde pawo. Adona anayang'ana sizasi, anayang'ana ine. Kenako anakuwira a Guluu kuti awapatse mabuku onse a amuna awo, otha ndi osatha omwe. Adonawo anamasula okha matabwa n'kuzula buku limene ndinkasoka, kaduku kali theka, ulusi uli lendelende. Potuluka anati, "Muona. Nonsenu muona."

Atapita, a Guluu anakhala pakatoni n'kugwira mutu. Ndinawamvera chisoni, chifukwa kasitomala wawo wamkulu wapita chifukwa cha ine. Koma kupepesa ndinalephera. Ndinangotenga buku lina, n'kulipana, n'kuyamba kusankha ulusi.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, ntchito yatsika. Mankhwala musadumphe. Zina zonse zidikire.

Mukapanda kumva za ine kwa kanthawi, musathamangire kwa amalume. Mungodikira.

Mwana wanu,
Chisamba

19 Sepitembala

Amayi,

Ndili moyo. Yambani ndi mawu amenewo, ndipo Chitsiriza awabwereze kawiri.

Pepani pokusowetsani tulo. Kumene ndinali kulibe pepala kapena cholembera. Apolisi anadzanditenga kuntchito, ati adona akadandaula kuti pochoka kwawo ndinaba ndolo zagolide. Za m'chitolokosimo tidzakamba pamaso. Tsitsi ndameta chifukwa cha nsabwe, ndipo ndili ndi kachifuwa, koma kakupola.

Anabwera ndi pepala loti ndisaine, lovomera kuti ndinaba, ati ndikasaina andikweza ndege mwakachetechete nkhani n'kutha. Anabwera nalo kangapo. Nthawi zonse ndinkawauza kuti dzanja langa limasoka, silisaina mabodza.

Amene ananditulutsa ndi Mayi Sizasi. Anayenda mpaka kupeza mayi wina wa bungwe loimira antchito a m'nyumba. Ameneyo timawatcha Mayi Chikwama, chifukwa chikwama chawo mukhoza kulowa mbuzi. Iwo anangofunsa apolisi funso limodzi: ngati ndolo zinasowa tsiku limene ndinachoka, n'chifukwa chiyani mwini wake anakhala chete miyezi yonseyi, n'kudzazikumbukira sabata imene ndakana kukwera galimoto yake? Mlandu wa ndolo unafera pomwepo. Tsopano ife ndi amene takasuma ku ofesi yoona za antchito, kuti andibwezere pasipoti.

Kuntchito a Guluu andiuza kuti ndiyambe ndakhala kunyumba. Akuopa kuwatsekera shopu. Sindikuwada. Koma kukhala manja lende sindingathe. Ndapeza matabwa awiri a bedi lakale, ndimapana buku pakati n'kumanga ndi lamba, n'kuliika patebulo la kukhitchini. Tsiku loyamba zala zinali zolimba ngati za munthu wina, mikanda inatuluka yaikulu ndi yaing'ono. Ndinatenga sizasi ya kukhitchini n'kudula ndekha, osadikira mwini ntchito. Lero zayamba kumvera.

Mwezi uno palibe chimene ndatumiza. Amayi a pagolosale ndawalembera padera za mankhwala anu, musachite nawo manyazi.

Chisamba

24 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Moni. Kachifuwa kanatha, tsitsi layamba kumera, ndikuoneka ngati kamnyamata ka kwaya.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati ndipite kwa adona ndikagwade, ndipepese, andipatse pasipoti ndibwerere kwathu ndisanafere kuchilendo. Ndikudziwa ndi mantha a kubala amene akulankhula. Koma Amayi, ndikapepese chiyani? Kuti mkono wanga unapsa ndi simbi yawo? Ndikagwada ine lero, mawa m'kachipinda kaja mulowa mwana wa munthu wina. Mundikhululukire, pa ichi chokha sindikumverani.

Iwe Chitsiriza, timizere tako tam'munsi ndationa, ndi madontho ake a misozi omwe. Wati ndiwe unawapatsa amalume envelopu chifukwa anakulonjeza ulendo. Ndinakwiya, sindinama, ndipo ukanakhala pafupi khutu lako likanatalika. Koma amalume anapusitsapo anthu a ndevu zawo, ndi ine ndemwe anandipusitsa. Pukuta mamina. Chimene ndikufuna kwa iwe ndi chimodzi: zithunzi zija anakujambulitsa za pasipoti, upereke kwa amayi lero lomwe.

Tsopano sekani pang'ono. Nditachoka kushopu, a Guluu anagula timaduku topangapanga, togulitsa pampukutu ngati riboni, n'kumangodula ndi kumata. Mayi Sizasi anakana kutikhudza, ati iwo sanakalambire kumata zigamba. Ndiye Loweruka lina tikumva kugogoda. Kutsegula, ndi a Guluu, thukuta lili kamukamu, chikwama cha mabuku chili paphewa. Anayamba ndi nyengo, anapita ku mtengo wa mafuta, anafunsa za thanzi la mphaka wa Mayi Sizasi. Kenako anati pali kasitomala wa mabuku akale amene wanena kuti zomata akamate kwawo, iye akufuna zosoka.

Ndinati, "Ndisoka. Koma osati kukhitchini ngati ndikuphika kachasu. Ndisokera pampando wanga, pawindo. Ndiponso Mayi Chikwama akufuna kalata yanu yonena kuti ndimagwira ntchito kwa inu, kuti ku ofesi kuja akandipatse chilolezo."

Nkhope yawo inachita ngati ameza fupa. "Kalata? Yokhala ndi dzina langa? Ndi sitampa?"

Mayi Sizasi anati, "Ndi sitampa. Cholembera ndi ichi. Kapena mukufuna ndikugwireni dzanja?"

Amayi, munthu uja analemba. Ankangonena kuti, "Anditsekera, anditsekera ine." Koma analemba, n'kusaina, n'kupita okha kukaipereka. Anthu amantha akalimba mtima amamvetsa chisoni kuposa ife ouma mitu. Ndinawaphikira tiyi wa shuga wambiri.

Ndabwerera pawindo langa. Buku loyamba linali lochindikala ngati njerwa, la mapu akale, ndipo mwini wake anasankha ulusi wobiriwira ndi wagolide. Mikanda yake inafola bwino moti Mayi Sizasi anaipapasa ndi chala kuchokera uku mpaka uko, n'kungoti, "Hm." Kwa iwo amenewo ndiwo mayamiko onse.

Atiitana ku ofesi kumapeto kwa mwezi wamawa, ife ndi adona. Ndatumiza kangachepe. Denga la kukhitchini likonzedwe mvula isanayambe.

Mwana wanu,
Chisamba

30 Novembala

Okondedwa Amayi,

Moni wa lero ndi wonenepa. Muli bwanji? Ine ndili bwino kwambiri, ndipo kalatayi ndikulembera pamwamba pa pasipoti yanga, kuti pepala lisaterereke.

Ndikufotokozereni mwadongosolo. Ofesi yake ndi kachipinda ka mipando yapulasitiki, fani yolira ngati chigayo, ndi bambo wina wotopa kuseri kwa tebulo. Mbali ino tinakhala ine, Mayi Chikwama, Mayi Sizasi, ndi a Guluu atavala jekete imene inkawakwana kalekale. Mbali inayo adona ndi amuna awo. Bwanayo m'nyumba muja sanandilankhulepo ngakhale kamodzi. Ankangokweza mapazi ndikamakolopa, maso ali m'buku.

Adona analankhula nthawi yaitali za ubwino wawo. Mayi Chikwama sanatsutse, anangondiuza kuti ndipinde mkono wa bulauzi. Ndinapinda. Bambo wa ofesi uja anavula magalasi, n'kuuza adona kuti kusunga pasipoti ya munthu ndi mlandu, za mkonowo ndi mlandu winanso umene ukubwera, ndipo aipereke pompo.

Adona anatsegula chikwama, n'kuitulutsa, n'kuiponya pansi. Inatsetsereka pasimenti n'kudzaima pafupi ndi phazi langa.

"Tola," anatero.

Amayi, thupi langa lonse linkafuna kuwerama. Chinthu chimene ndachilota miyezi yonseyi chinali apo, pongotambasula dzanja. Mayi Chikwama anandinong'oneza kuti, "Ingotola mwana wanga, tapambana, tizipita." A Guluu anayamba kudzuka kuti atole iwo, koma Mayi Sizasi anawakoka jekete.

Ndinapinda manja pachifuwa. Ndinati, "Tsiku limene munaitenga sindinaiponye pansi. Ndinakupatsani m'manja. Ibwerere momwe inapitira."

Adona anaseka, ati ndiye igona pomwepo. Ndinati ndigona nayo. Bambo wa ofesi anayang'ana wotchi, anayang'ana mzere wa anthu pakhomo, n'kunena kuti iwo salemba kuti chinthu chaperekedwa pamene chili pansi. Tinakhala. Fani inalira. Wina panja anatsokomola.

Amene anatopa ndi bwana. Anaimirira, anazungulira tebulo, n'kuwerama ndi mimba yawo yonse, mawondo akulira ngati nkhuni. Anaitola, anaipukuta fumbi pathalauza, n'kundipatsa m'manja. Kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana kumaso. Akazi awo anali atatuluka kale.

Kulimba mtima kwanga kunandiperekeza mpaka pamasitepe a panja, n'kundisiya pomwepo. Ndinakhala pansi n'kulira mokweza ngati kamwana, mpaka mayi wogulitsa malalanje anandipatsa limodzi laulere. Mayi Sizasi anadikira ndithu, kenako anati, "Wamaliza? Tiye. Mabuku sadzisoka okha." Madzulo amenewo ndinasoka kaduku kathunthu, maso ali otupa, ndipo palibe mkanda umene unakhota.

Zonse sizinathe. Pepala limene andipatsa ndi la miyezi yochepa, pamene akuunika pempho la a Guluu. Akhoza kuvomera, akhoza kukana. Akakana ndibwera, koma ndibwera ndi ntchito m'manja, pa tsiku limene ndasankha ndekha. Ndatumiza za mankhwala ndi za chikondwerero cha Chitsiriza akamaliza mayeso. Mumugulire nsalu imene akufuna iye, ngakhale ikhale yonyansa.

Amayi a pagolosale andilembera nkhani imene inu munaisiya dala m'kalata yanu. Ati amalume anabwera ndi galimoto ya hayala kudzatenga Chitsiriza, inu n'kuima pakhomo ndi mawondo anu odwalawo, n'kung'amba zithunzi zija pamaso pawo. Ati atafuna kukukankhani munawakhuthulira beseni la madzi otsukira mbale, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zawo zoyera, msewu wonse ukuonerera, ndipo wahayala anakana kuwakweza ali chinyowere.

Ndiye inu nomwe mukundifunsa m'kalata kuti mutu wouma chonchi ndinautenga kwa yani, poti malemu bambo anali munthu wofatsa. Iwe Chitsiriza, ika kalatayi pansi, ukatenge galasi lija la kuchipinda, uwapatse amayi adzionere okha.

Ndine mwana wanu ndithu,
Chisamba